Sitima ya ku Mgona sisowa sipeya

Sitima imene ndinagulira mwana wa mchemwali wanga pa Khirisimasi inayenda masiku anayi okha. Inali yapulasitiki, yoyendera mabatire, ndipo kanjanji kake tinkakayala pa simenti kwawo ku Kawale. Tsiku lachisanu mota inkangolira, matayala osasuntha. Nditamasula ndinapeza kagiya kochepa ngati njere ya chimanga katatha mano.

“Amalume, ndiye yafa basi?” anandifunsa, misozi ili lengelenge.

Ndinamuuza kuti ku Biwi kulibe chimene chimafa. Loweruka m'mawa tinauyamba wapansi.

Amene munafikako ku Biwi Triangle mukudziwa. Magaraja ali tayale, nthaka yada ndi oyilo, apa akuwotcherera, apo akugogoda bodi ya minibasi. Galimoto yongozidwa pangozi siitayidwa. Imagulitsidwa chiwalochiwalo mpaka kutsala chigoba. Tinapereka kagiya kathu kwa makaniko wina wachikulire. Anakaika pachikhatho, n'kuseka.

“Achimwene, ichi n'chogula n'kutaya. Mukuona ngati anthu amakondera Toyota chifukwa cha kukongola? Amayamba afunsa sipeya, mtengo pambuyo.”

Mawuwo anandilasa, chifukwa ine ndinangotengeka ndi katoni yonyezimira. Kumaiko ena kuli akuluakulu amene amasunga tisitima ngati chuma, topangidwa ndi makampani monga Hornby ya ku Britain ndi Märklin ya ku Germany. Takale tilibe zakompyuta m'kati: magetsi amadutsa m'kanjanji, ukawonjezera mphamvu mutu wa sitima umathamanga, ukachepetsa umafatsa. Tambiri timayenda pa njanji yotalikirana mamilimita 16.5, ndipo mota, magiya ndi matayala amagulitsidwa paokha. N'chifukwa chake kasitima ka agogo kamatha kufika kwa mdzukulu kakuyendabe. Yathuyi inalibe ngakhale dzina la amene anaipanga.

Pofuna kumutonthoza mnyamatayo, ndinati tikaone sitima yeniyeni. Tinakwera minibasi ya ku Area 25 pa depoti m'tauni, kudutsa msewu wa M1 mpaka ku Kanengo, n'kutsika kulowera ku Mgona.

Mgona ndi dera lothithikana, nyumba zogundana makoma, ndipo ambiri amadalira maganyu m'makampani a ku Kanengo. Njanji imadutsa chapafupi. Inafika ku Lilongwe kuchokera ku Salima m'chaka cha 1979 ndi thandizo la dziko la Canada, kenako inapitirira mpaka ku Mchinji mu 1980. Blantyre inali italandira sitima kalekale, mu 1908. Mu 1999 njanjiyi inaperekedwa m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, ndipo zimene zimafika kuno ndi sitima zakatundu.

Tinadikira mpaka dzuwa linatiwamba, sitima osabwera. Koma ina inatulukira pakanjira ka pakati pa nyumba, ikukokedwa ndi chingwe. Woyendetsa wake anali kamnyamata ka zaka ngati khumi, kopanda nsapato. Mutu wa sitimayo unali wa waya, womangidwa ndi malegeni odulidwa ku chubu cha njinga. Matayala anali zitsekerero za mabotolo, ziwiriziwiri zoyang'anizana. Mabogi anali zitini zitatu, zodzadza mchenga.

Tikuyang'ana choncho, tayala limodzi linaguluka. Mwini wake sanadandaule n'komwe. Anapisa m'thumba la kabudula, n'kutulutsa chitsekerero china choboola kale ndi msomali. Mphindi ziwiri sizinathe, sitima ili paulendo.

“Masipeya umawatenga kuti, iwe?” ndinafunsa.

“Paliponse, ankolo. Pa golosale, kwa okonza njinga. Waya yekha ndiye amavuta.”

Anatiuza lamulo lake: sapanga chinthu ndi chipangizo chimene sangachipezenso. Matayala onse amawasankha ofanana kukula, kuti la bogi lithe kulowa kumutu. Ndi nzeru yomweyo ya mkulu wa ku Biwi uja, koma iye sanaiphunzire pa garaja.

Mwana wa mchemwali wanga anagwada pafumbi n'kuyamba kufunsa kapindidwe ka waya. Ine ndinangowakumbutsa onse awiri kuti aziseweretsa sitima zawo kutali ndi njanji, chifukwa yeniyeniyo siima msanga ngati minibasi.

Tinafika ku Kawale kukuda, matumba ali tho ndi zitsekerero. Sitima yapulasitiki sitinaitaye. Tinaiphwasula: mota ikadali yamoyo, nazo nthambo ndi kanyumba ka mabatire. Zonse zili m'chitini cha Cowbell pansi pa bedi lake, ndipo pachitinipo walemba yekha ndi makala kuti “masipeya”.

Dzulo anandiimbira pa foni ya mayi ake. Akuti mutu watha, koma akufuna lamba wamphira woti alumikize mota ija ku matayala. Loweruka tikubwereranso ku Biwi.