Linga Logumuka la Shedeur Sanders

Mu mzinda wa Boulder, m'tsinde mwa mapiri a Rocky m'chigawo cha Colorado ku America, muli sukulu yaukachenjede yomwe timu yake ya mpira imatchedwa Buffaloes, kutanthauza njati. Mpira wake si wamiyendo uja wodziwika m'maiko ambiri ayi. Uwu ndi wosongoka mbali zonse ziwiri, ndipo amaunyamula kapena kuuponya ndi manja. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 11 ovala zisoti zolimba ndi zotchinjiriza mapewa, chifukwa kugundana ndi kugwetsana ndiwo mtima wa masewerawa. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti ipite chitsogolo ndi mayadi 10. Ikalephera, mpira umapita kwa adani.

Mwa osewera onsewo, alipo mmodzi yemwe maso a anthu amakhala pa iye. Amamutcha quarterback, ndipo ntchito yake ndi kulandira mpira pachiyambi pa sewero lililonse, kubwerera m'mbuyo pang'ono, kuyang'ana anzake omwe athamangira kutsogolo, kenaka n'kuponyera yemwe wapeza mpata. Zonsezi ayenera kuchita m'masekondi atatu kapena kucheperapo. Kutsogolo kwake kumaima zimphona zisanu, chilichonse cholemera makilogalamu oposa 130 kawirikawiri, zomwe ntchito yake ndi kutchinga adani ofuna kumugwetsa mpira ukadali m'manja. Anthu asanu amenewa ndiwo linga lake. Sagoletsa, mayina awo satchulidwatchulidwa, ndipo oonera ambiri amawakumbukira pokhapokha akalakwitsa. Koma woponya wamanja akatembenuka kuti aponye, msana wake umaloza kumanzere, kotero kuti mdani wochokera kumeneko samuona n'komwe. Moyo wake amausiya m'manja mwa mnzake woima kumapeto kwa lingalo.

Shedeur Sanders, yemwe adabadwa m'chaka cha 2002 ku Texas, adafika ku Boulder pamodzi ndi bambo ake, a Deion Sanders, omwe adalembedwa ntchito yophunzitsa timuyi mu Disembala 2022 atachoka ku Jackson State. Bambowa adali katswiri wodziwika dziko lonse la America pa masiku awo, ndipo adapeza timu yomvetsa chisoni: m'chaka cha 2022 idapambana masewero amodzi okha mwa 12. Posafuna kudikira, iwo adasesa m'nyumba. Osewera ambiri akale adachoka, ena mwa kufuna kwawo, ena atauzidwa kuti malo palibe, ndipo m'malo mwawo mudalowa anyamata ochokera m'sukulu zosiyanasiyana. Mwana wawo adamupatsa udindo wa quarterback.

Poyamba zidaoneka ngati nzeru zosaneneka. Pa 2 Sepitembala 2023 Colorado idapita kukakumana ndi TCU, timu yomwe miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo idafika mu ndime yotsiriza yolimbirana chikho cha dziko lonse. Shedeur adaponya mipira yokwana mayadi 510, zomwe wosewera wina aliyense wa pasukuluyi adali asanachitepo pa tsiku limodzi, ndipo Colorado idapambana 45 kwa 42. Kenaka idagonjetsa Nebraska, n'kudzagonjetsanso Colorado State pa masewero omwe mnyamatayu adayendetsa timu yake mayadi 98 nthawi itatsala pang'ono kutha. Oimba otchuka ndi akatswiri a zisudzo adayamba kudzaza m'mbali mwa bwalo la Folsom Field. Dzina la Shedeur lidali pakamwa pa aliyense. Komabe omwe ankayang'ana mwachidwi adaona kuti ngakhale pa masiku achimwemwewo, mnyamatayu ankadzuka pansi kawirikawiri, akudzisansa udzu.

Chinsinsi chidaululika pa 23 Sepitembala ku Oregon. Adani adabooleza lingalo ngati mpanda waudzu wodyedwa ndi chiswe, namugwetsa kasanu ndi kawiri, ndipo Colorado idagonja 42 kwa 6. Vuto lake silidali lovuta kulimvetsa. Wothamanga waliwiro angathe kufika lero n'kusewera bwino mawa, popeza luso lake lili m'miyendo yake. Koma zimphona zisanu zija zimagwira ntchito ngati zala za dzanja limodzi. Adani akasinthana malo mwadzidzidzi, aliyense ayenera kudziwa, popanda kufunsa, yemwe mnzake amutenge ndi yemwe amusiye. Kumvana kotereku kumadza ndi miyezi, mwinanso zaka, za kuima phewa ndi phewa. Anthu osonkhanitsidwa dzulodzuloli sangakhale nako, ngakhale aliyense payekha atakhala wamphamvu. Pamwamba pa izo, Colorado idalephereratu kuyendetsa mpira pothamanga nawo, moti chaka chimenecho idali yotsiriza pa matimu onse akuluakulu pa mbali imeneyi. Tsono adani, podziwa kuti mpira uponyedwa basi, sankataya nthawi kulondera othamanga. Onse ankangolunjika kwa munthu mmodzi.

Pa 28 Okutobala, pa bwalo la Rose Bowl, timu ya UCLA idamugwetsanso kasanu ndi kawiri. Pa nthawi yopuma adamubaya jekeseni yoletsa ululu kuti athe kubwerera m'bwalo, ndipo bambo ake adavomereza zimenezi pamaso pa atolankhani. Apa m'pofunika kuima pang'ono. Jekeseni yotere sichiza kanthu. Imangotseka pakamwa thupi lomwe likufuula kuti lavulala, ndipo munthu amabwerera kukagundidwanso pamalo pomwepo osamva chenjezo lililonse. Kuponya mpira patali sikuchokera m'dzanja mokha. Mphamvu imayambira ku phazi lakumbuyo, n'kudutsa m'chiuno ndi mumsana, kenaka n'kutulukira kuphewa. Bondo likatupa, munthu amalephera kuponda molimba. Msana ukauma, amalephera kupotoza thupi. Zikatero dzanja limasenza lokha katundu yense, ndipo mpira umauluka mofooka kapena kupitirira pamutu pa woulandira.

Bala lina, lomwe dokotala sangalione, limakhala m'maganizo. Woponya wodekha maso ake amakhala patali, pomwe anzake akuthamanga. Koma yemwe wagwetsedwa kambirimbiri maso ake amatsika okha, n'kuyamba kuyang'ana zimphona zomwe zikubwera. Amamva mapazi ngakhale pomwe palibe akumulondola. Amathawa pamalo pomwe padali potetezeka n'kukagwa m'manja mwa mdani yemwe mnzake adali atamukankhira kunja bwinobwino. Mbalame yomwe idaphonyedwa ndi legeni imauluka ngakhale tsamba likagwa.

Sikungakhale kulungama kuunjika mlandu wonse pa anthu asanu aja. Shedeur adali ndi chizolowezi chosunga mpira nthawi yaitali, akuyembekeza kuti mnzake apeze mpata waukulu, ndiponso chothawira chammbuyo m'malo molowa kutsogolo. Malamulo amalola woponya yemwe watuluka pakati pa linga kutaya mpira kunja, bola udutse mzere woyambira, ndipo potero amapulumutsa thupi ndi mayadi omwe. Iye kawirikawiri sankafuna kutero. Chaka chonsecho adani adalanda mipira yake itatu yokha, pomwe 27 idathera m'zigoli. Ziwerengero zimenezi n'zosiririka ndithu, koma zili ndi mtengo wake: mpira uliwonse womwe adakana kuuponya mokayika adaulipira ndi nthiti zake. Kodi kumeneku nkulimba mtima kapena kuuma mutu? Mwina zonse ziwiri zidali mwa mnyamata mmodzi yemweyo, ndipo n'zovuta kuchotsa chimodzi osaononga chinzake.

Nanga bambo ake? Iwo adali pa mphambano yomwe aphunzitsi ena sakumana nayo. Monga mphunzitsi ankadziwa kuti popanda Shedeur timu ilibe chiyembekezo. Monga kholo ankaona mwana wawo wobereka yekha akutsimphina. Atagonja kwa UCLA adanena poyera kuti mankhwala ake n'kupeza otchinga ena atsopano. Mawuwo adali oona, koma munthu angadzifunse momwe adamvekera m'makutu mwa anyamata omwe ankayenera kutchingabe masewero anayi otsala akudziwa kuti awerengedwa kale ngati zotayidwa. Sabata yotsatira ntchito yosankha masewero idachotsedwa m'manja mwa a Sean Lewis n'kuperekedwa kwa a Pat Shurmur, koma lingalo silidasinthe.

Mathero adadza pa 17 Novembala ku Pullman, kwawo kwa Washington State. Shedeur adagwetsedwa mobwerezabwereza kuyambira pachiyambi, dzanja lidachita dzanzi, adatuluka, adabwereranso, ndipo nthawi yopuma isanakwane adatulukiratu. Colorado idagonja 56 kwa 14. Masewero otsiriza, olimbana ndi Utah, adawaonera ali panja. Patapita masiku ochepa zidadziwika kuti adali ndi fupa losweka kumsana. Pa masewero 11 adagwetsedwa ka 52, kuposa woponya wina aliyense wa m'matimu akuluakulu chaka chimenecho. Timu yomwe idayamba ndi kupambana katatu kotsatizana idatsiriza itapambana kanayi n'kugonja kasanu ndi katatu.

M'chaka cha 2024 a Deion Sanders adachita zomwe adalonjeza. Adabweretsa otchinga atsopano, pakati pawo Jordan Seaton, mnyamata yemwe sukulu zambiri zinkamulimbirana. Zinthu zidayenda bwino koposa: Colorado idapambana masewero 9 mwa 13, Shedeur adaponya mipira ya zigoli 37, ndipo adalandira mphotho ya Johnny Unitas Golden Arm. Koma adagwetsedwabe ka 42. Linga lidali latsopano, woponya adali yemwe uja, ndipo omwe ankanena kuti mbali ina ya vutoli ili mwa iye adapeza poyambira. Zomwe adayankhula atagonja ku Nebraska mu Sepitembala, zomwe ambiri adazimva ngati kudzudzula omutchinga, sizidamuthandize. Woponya wanzeru amadziwa kuti anthu asanu aja sadzudzulidwa pagulu, chifukwa Loweruka lotsatira msana wake udzakhalanso m'manja mwawo.

Kwa wosewera wa pasukulu yaukachenjede, zaka zimenezi zili ngati mayeso aakulu. Matimu a ligi ya NFL, komwe kuli ndalama zenizeni, amaonera kanema wa sewero lililonse, n'kumafunsa ngati kugwa kulikonse kudali kulephera kwa linga kapena kuchedwa kwa woponya. Amafunsanso kuti thupi lomwe lagwetsedwa ka 94 m'zaka ziwiri latsala ndi mphamvu zotani. Ambiri ankayembekeza kuti Shedeur adzakhala m'gulu la oyamba kusankhidwa. Mu Epulo 2025 sukulu ya Colorado idamulemekeza polengeza kuti nambala 2 yomwe ankavala sidzapatsidwanso kwa wina. Patangotha sabata, tsiku loyamba la chisankho lidadutsa dzina lake osatchulidwa, lachiwirinso chimodzimodzi. Zifukwa zomwe anthu adapereka zidali zambiri, zina zokhudza momwe adayankhulirana ndi akuluakulu a matimu, zina zokhudza kutchuka kwa bambo ake, koma chizolowezi chosunga mpira chidatchulidwa pafupifupi ndi aliyense. Pa tsiku lachitatu, oponya anzake asanu atasankhidwa kale, timu ya Cleveland Browns idamutenga pa nambala 144.