Dzanja la amalume

M'Baibulo la malemu mayi, pakati pa Masalimo, ndinapezamo positikhadi ya amalume. Kumaso kwake kuli chithunzi cha nsanja ya Hillbrow ku Johannesburg, kuseri kuli mizere isanu ndi umodzi ya bolopeni yabuluu. Chidindo cha ku positi chikuonetsa 1973. Chaka chotsatira ndege yonyamula anthu a Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, inagwa ku Francistown, Kamuzu n'kuletsa zopita kumigodi.

Tsiku limene inafika ndimalikumbukira. Makalata a mudzi wonse ankadzera pa bokosi la sukulu, ndipo ahedi ankaitana maina titandanda pamzere m'mawa. Ndinathamanga nayo kunyumba, mayi n'kundikhazika pamphasa kuti ndiwawerengere. Panthawiyo maso athu onse anali pa nsanjayo, kudabwa kuti munthu angakwere bwanji pamenepo. Zolembazo tinkangoti ndi uthenga basi.

Lero nsanja ndilibe nayo ntchito, ndimatembenuza kuseri. Amalume analekeza sukulu Sitandade 4, koma taonani mmene anagawira kamalo kosakwana chikhatho. "Mlongo wanga" analemba ndi zilembo zikuluzikulu, M wake atapinda mchira ngati nyanga ya nkhosa. Potsika zilembo zikunka zichepa, malo atayamba kuwathera, mpaka moni wa kwa agogo anakwera chammbali ngati mpesa wa dzungu. Ankadinikiza kwambiri, moti ukasisita chithunzi ndi chala umamva timizere ta mawu awo.

Luso lina linali pobisa. Khadi ilibe envelopu, aliyense woigwira amawerenga, kuyambira kalaliki mpaka ahedi. Ndiye analemba kuti, "Mbewu ija ndapatsira mnzanga wobwera Disembala." Mayi anangomwetulira. Ine ndinadzazindikira nditakula kuti mbewuyo inali ndalama.

Masiku ano mwana wanga ali ku Johannesburg komweko, ndipo tsiku silipita osandilembera pa WhatsApp. Sindidandaula, pakuti mayi ankatha miyezi osadziwa ngati mlongo wawo ali moyo. Koma zilembo za mwana wanga n'zofanana ndi za wogulitsa feteleza amene amanditumiziranso uthenga. Foni yanga yoyamba itagwera m'madzi, mawu a mwana wanga a zaka zitatu anapita nayo.

Khadi ija ndaiika m'felemu ya galasi mbali zonse, ili pakhoma pabalaza. Alendo akaiona amafuna kuitembenuza, amati ndaipachika chagada. Ndimawauza kuti aisiye: nsanjayo anajambula ndi munthu amene sitimudziwa, koma mbali iyi anajambula ndi amalume.