Chiwiya chomwe mudzi sungachikonze

Ife amene tinayamba kuzindikira zinthu m'zaka za m'ma 1980 tinakulira m'makhitchini momwe chiwiya chilichonse chinali ndi mmisiri wake pafupi. Mafuwa ankachokera kumtsinje kapena pachulu, mthiko ndi chipande ankasema bambo wa m'mudzi momwemo, mphika wadothi ukasweka pankapezeka mayi wodziwa kuumba wina, ndipo sefuliya ikabooka inkapita kwa okhoma zidebe pamsika wa pa Boma la Mzimba kapena pa Jenda n'kukabwerako ndi chigamba. Ngakhale mbaula ya makala, yomwe masiku amenewo inali ya aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma, ankaikhoma ndi malata otha ntchito, ndipo ikadyeka ankaikhomeranso. Lero m'nyumba zina za pa Boma, pa Jenda ndi ku Embangweni mumapezeka mbale yaikulu yagalasi yokhala ndi chivundikiro cholemera, chomwe ukachilumikiza kumagetsi chimawala kuti psuu n'kuyamba kuuzira mphepo yotentha pankhuku ili m'katimo. Umenewu ndi uvuni wa halogen. Si nyumba zambiri zomwe zili nawo, ndipo sunasinthe kadyedwe ka boma lonse la Mzimba. Koma ukuonetsa poyera kusintha komwe kwachitika ife tikupenya: khitchini yathu yalandira ziwiya zomwe mudzi sungathe kupanga kapena kukonza, moti moyo wa chiwiya tsopano wagona pa kasamalidwe kokha. Wosamvetsa zimenezi amataya ndalama. Wozimvetsa amapeza kuti uvuniwu uli ndi ntchito yakeyake, ngakhale ndi yochepa kusiyana ndi momwe ogulitsa amaikometsera.

Njira yomwe zinthu zotere zimadzera ndi yakalekale. Amuna a ku Mzimba akhala akupita kumigodi ya ku South Africa kuyambira nthawi ya atsamunda, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, ena paokha. Ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchitoyi. Inadzayambiranso mu 1977 m'dzina la Theba, n'kutheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Tikakumbukira zomwe anthu a Theba ankabwera nazo, zinali njinga, wailesi, mabulangete, makina osokera ndi sutikesi yachitsulo. Zakukhitchini zinali mapoto ndi mbale basi. Kuyambira mu 1994 anyamata, kenako ndi atsikana omwe, anayamba kupita ku Joni ndi mapasipoti awo kukagwira ntchito m'minda yamaluwa, m'malesitilanti ndi m'nyumba za mabwana. Kusiyana kwa magulu awiriwa n'kwakukulu. Wa mumgodi ankadya zophikidwa m'kampaundi, osaona n'komwe pophikira, pomwe wa m'nyumba ya bwana amatandala m'khitchini yamagetsi, amaphikamo, ndipo akafuna kutumiza kanthu kwa mkazi wake kapena amayi ake amaganiza za zomwe manja ake azolowera. Matransipota amapachira katunduyo pamatilela n'kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, ulendo wa makilomita oposa 2,000. Mumakhala mafiriji, mahotipuleti, maketulo, ndipo nthawi zina, pakati pa mabulangete, mbale yagalasi ija. Katundu amafika, koma luso la woutumiza limatsala ku Johannesburg.

Kagwiridwe ntchito ka uvuniwu n'kosavuta kumva. M'chivundikiro muli babu lozungulira momwe muli kawaya ka tungsten ndi mpweya wa halogen. Likangoyaka limatentha pompopompo, ndipo fani yomwe ili pamwamba pake imakankhira mpweya wotenthawo pansi kuti uzungulire chakudya. Pali mabatani awiri opotokola, lina la kutentha lofika madigiri 250, lina la nthawi lofika mphindi 60. Kutentha kukafika pomwe mwaika babu limazima lokha, kukatsika limayakanso, n'chifukwa chake limaphethiraphethira, ndipo ena poona zimenezi amayesa laonongeka. Chogwirira cha chivundikiro ndicho chimadula moto mukachitukula. Mbale zambiri zimalowa malita 12, ndipo pamakhala mkombero wachitsulo woonjezera kuya kwake kufika malita 17. Mayi aliyense amene anaphikapo chigumu mumphika, makala ena pansi ena pachivundikiro, nzeru ya uvuniwu ali nayo kale: moto wochokera pamwamba umapsereza kunja m'kati musanapse. Choncho nyama yochindikala imafuna kukhala pakawaya kapansi, kutali ndi babu, ndi kuitembenuza nthawi ikafika pakati. Nkhuku yachizungu yathunthu imapsa ola likangopitirira pang'ono. Mbatatesi za pa Jenda, masikono, nsomba ndi mtedza zimatuluka bwino. Nkhuku yachikuda, yomwe ndiyo timalandirira alendo, imauma gwa ngati simunayambe mwaiwiritsa, ndipo n'chimodzimodzi ndi nyama ya ng'ombe yomwe yakalambira pangolo.

Pamene pagona nkhani ndi potsuka, chifukwa ukhondo womwe tinaphunzitsidwa ndi womwewo umapha chiwiya ichi. Mtengwa wolongosoka ku Mzimba amadziwika ndi mapoto owala, okwechedwa ndi mchenga ndi phulusa mpaka mwaye wonse utatha, ndipo sefuliya ikangochoka pamoto amaithira madzi kuti makoko a nsima afewe. Zonse ziwirizi n'zoyenera pachitsulo. Pagalasi ndi imfa. Galasi lotentha likakhudzana ndi madzi ozizira, kunja kwake kumakhwinyata msanga m'kati mukadali motakasuka, ndiye limang'aluka, makamaka m'mawa wa mu June ndi July pomwe madzi a mumtsuko amachita kuluma zala. Kuika mbale yotentha pasimenti yonyowa kumachitanso zomwezo. Mchenga ndi waya wokwechera mapoto zimasiya timizere tosaoneka bwino, ndipo mng'alu wa mawa umayambira m'timizere timeneti. Mbaleyi imafuna izizire kaye yokha, kenako madzi ofunda, sopo ndi kansalu kofewa. Mafuta akakakamira, mumathiramo madzi ofunda pang'ono ndi sopo, n'kuvundikira, n'kuyatsa pamoto wochepa kwa mphindi khumi, ndipo mphepo ya fani imavundula madziwo mpaka litsiro litalekerera. Madontho oyera omwe madzi a pamjigo amasiya amachoka ndi ndimu kapena viniga.

Chivundikiro ndiye chosafuna madzi n'komwe, popeza magetsi onse ali m'menemo. Chimafuna kuzula pulagi, kudikira chizizire, n'kupukuta ndi kansalu konyowa pang'ono, makamaka pakasefa kachitsulo kotchinga babu, pomwe mafuta othovoka amaunjikana n'kuyamba kufuka utsi. Chikakhala chotentha chili ndi kachitsulo kake kochikhazikapo. Kuchigoneka pamkeka kapena pansalu yapulasitiki ya patebulo n'kuitana moto. Kawaya ka m'babu kakatentha kamakhala kofewa, ndiye kugwetsa chivundikiro mwamphamvu pambale, kapena kuchigunditsa kukhoma, kumakadula. Palinso fumbi la m'chilimwe ndi mphemvu, zomwe zimalowa m'mabowo opumira a chivundikiro ngati uvuni ungokhala pamtetete pamwamba pa kabati kuti alendo aziuona. Wina anganene kuti zonsezi n'zazing'ono. N'zazing'onodi, koma taganizani kuti m'khitchini ya mafuwa kulakwitsa kotere kunalibe mtengo. Fuwa likasweka unkatola lina tsiku lomwelo. Mbale yagalasi ikang'aluka, chivundikiro chabwinobwino chimasanduka chopanda ntchito, ndipo babu likapsa mbale imasanduka mosungira tomato.

Otsutsa uvuniwu amayambira pa mayunitsi a magetsi, ndipo ali ndi chifukwa, poti mita yolipiriratu imawerenga aliyense akuona. Koma tiyeni tiwerenge nawo. Mauvuni ambiri a mtundu uwu amakoka mawati pakati pa 1,200 ndi 1,400, kutanthauza kuti babu litayaka ola lathunthu osazima lingadye yuniti imodzi ndi kachidutswa, ndipo popeza limazimazima, zenizeni zimachepera apo. Uvuni wa sitovu yaikulu umakoka mawati oposa 2,000, umafuna kuutenthetsa kaye chakudya chisanalowe, ndipo umatenthetsa bokosi lalikulu chifukwa cha nkhuku imodzi. Pa kuwotcha ndi kuphika masikono a banja limodzi, wagalasi amapambana. Chotsutsa cholemera kwambiri ndi china: ndi angati ali ndi magetsi? Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno nyumba pafupifupi 11 mwa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi, zophikira magetsi zinali ziwiri zokha mwa 100, ndipo zoposa 95 zinkadalira nkhuni ndi makala. Mawaya a pulogalamu ya magetsi a kumidzi ya MAREP afika m'misika yambiri ya kumidzi, komabe nyumba zambiri zamalata zomwe ndalama za ku Joni zamanga ku Mabilabo, ku Khosolo kapena ku Edingeni zimayendera sola. Sola wapanyumba wa panelo imodzi ndi batire amakwanitsa mababu, TV ndi kutchaja mafoni. Uvuni wa mawati 1,300 sangaunyamule. Uvuni wotumizidwa kunyumba yotere umangokhala m'katoni kudikira mapolo a ESCOM.

Ena amapita patali n'kunena kuti ziwiya zamagetsi ndizo zipulumutse nkhalango ya Perekezi, yomwe ikutha ndi makala ngakhale lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020. Pauvuni wa halogen, chiyembekezo chimenechi n'chopitirira muyeso. Nkhuni ndi makala ambiri pakhomo zimathera pa nsima, nyemba ndi madzi osamba, ndipo palibe chimodzi mwa izi chomwe uvuniwu ungachite. Nsima imafuna moto wapansi ndi dzanja lovundula, pomwe kuno moto uli pamwamba ndipo ukangotukula chivundikiro umazima. Nyemba zomwe zimatha maola atatu pambaula zimafuna poto wamagetsi wotsekera nthunzi, yemwe amazipsetsa pafupifupi mu ola limodzi, ndipo banja lomwe lili ndi ndalama ya chiwiya chimodzi chokha lingachite bwino kuyambira pamenepo. Wagalasi ndi wa ndiwo zowotcha ndi zophika ndi ufa watirigu, zakudya za Lamulungu ndi za pa Khirisimasi. Nawonso akuluakulu a Chingoni akanena kuti nyama yopanda fungo la utsi siikoma, sakunama, ndipo palibe amene akuganiza zopita ndi mbale yagalasi kumwambo wa Umthetho ku Hora. Zimene zachitika m'makhitchini mwathu n'zakuti moto watsopano umangoonjezereka pa wakale: mafuwa ali kuseri, mbaula ili pakhonde, hotipuleti ndi uvuni zili m'nyumba, ndipo mayi amasankha malinga ndi chakudya, ndalama ndi magetsi a tsikulo.

Magetsiwo ndi gawo la kasamalidwe. Ambiri mwa iwo amachokera kutali, pamtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo aliyense wophikira magetsi anaphunzira kusunga thumba la makala. Magetsi akazima nkhuku ili pakati, batani la nthawi limapitirizabe kuyenda chifukwa ndi la sipuling'i, belu limalira, koma nyama isanapse m'kati. Imeneyo ndi yomalizira pambaula nthawi yomweyo, osati kudikira mpaka madzulo. Pulagi nayo izulidwe, chifukwa magetsi pobwerera nthawi zina amadza ndi mphamvu yopsereza babu. Ndipo pali vuto lina lomwe limafika limodzi ndi katoni: pulagi ya ku South Africa ili ndi mano atatu obulungira, pomwe masoketi athu ndi a mano amakona. Anthu amagula adaputa yotchipa pamsika, yomwe imakhala yogwedera, ndipo chiwiya chokoka mphamvu chonchi chimaitenthetsa mpaka kusungunuka. Wodziwa zamagetsi atadula pulagiyo n'kuikapo yathu yokhala ndi fyuzi, vutoli limatha.

Chotsutsa chomaliza ndicho chimandiganizitsa kwambiri. Amati chilichonse chachilendo chimadzapeza mmisiri wake: njinga inapeza, wailesi inapeza, ndipo lero pa Jenda pali anyamata omasula foni iliyonse. N'zoona, koma mmisiri amabwera pomwe pali khamu la zinthu zofanana ndi zipangizo zosinthira. Mafoni ali m'thumba la aliyense, pomwe mauvuniwa ndi owerengeka, opangidwa ndi makampani osiyanasiyana, mababu ake osiyana kukula. Wokonza mawailesi pa Boma angathe kulumikiza waya woduka kapena kumasula fani yomwe yagwidwa ndi mafuta, ndipo babu angalisinthe litapezeka, koma galasi sangaliumbe. Kuonjezera apo, m'masitolo a ku Joni malo a uvuniwu akulandidwa ndi air fryer, yomwe imagwiranso ntchito ndi fani ndi mpweya wotentha koma nthawi zambiri ilibe galasi loti lisweke, moti mababu osinthira azinka nasowa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kugula uvuni wina kunakhala kolemera kuposa kale. Choncho wotumiza uvuni ayambe wafunsa ngati nyumbayo ili pamawaya a ESCOM, aikemo babu lapadera m'katoni momwemo, ndipo popeza kabuku ka malangizo kamakhala m'Chingelezi, atumize uthenga wamawu pa WhatsApp, m'Chitumbuka, wofotokozera amene azitsukadi mbaleyo, yemwe nthawi zambiri amakhala mwana wasukulu kapena mtengwa, osati mwini mphatso.