Njinga ya Malemu Bambo Athu

Bambo athu atamwalira, panali zinthu zambiri zimene ife ana tidasiyana nazo maganizo, koma pa nkhani ya njinga yao yamoto tidamvana msanga: isagulitsidwe, ndipo wina aliyense asaikwere. Tidaikankhira m'kanyumba ka kuseri m'mene timasungamo makasu ndi matumba a feteleza, tidaifunditsa bulangete lakale, nkukhoma chitseko. Kiyi adasunga ndi amai. Mumtima mwathu tinkati kumeneko ndiko kulemekeza malemu, pakuti njingayo idawayendetsa zaka zambiri pa ntchito yao ya ukatekisiti, pokaphunzitsa akatekumeni, pokatsogolera mapemphero a pamaliro, ndi pokaitana wansembe usiku munthu akadwalika. Anthu a m'midzi ya kutsidya ankaizindikira ndi kulira kwake isanaonekere n'komwe.

Inali Honda CG125, mtundu umene udayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1975. Amene adaipanga ankaganizira maiko onga athu ano, kumene miseu ndi yafumbi ndipo eni njinga sasintha oilo pa nthaŵi yake. Choncho adaipatsa injini yosavuta ndi yopirira. Mbiri imeneyi tinkaidziŵa, ndipo ndiyo idatipusitsa. Tinkaganiza kuti chinthu chimene sichidafe ndi matope a dzinja ndi zitunda za kwathu sichingafe chili chigonere m'nyumba. Idakhala m'menemo zaka 4.

Tsono m'nyengo ya Lenti Bambo Mfumu adapempha achimwene athu aakulu, amene anali atangolandira udindo wopereka Ukaristia, kuti azikafikitsa Sakramenti kwa odwala ndi okalamba a kutsidya kwa mtsinje. Ndi ulendo wa makilomita 14, wokwera ndi wotsika, ndipo galimoto la parishi silifikako mvula isanaleke. Mmodzi mwa odwalawo anali azakhali athu, mlongo wao wa malemu, amene anali asanalandire chiyambire Khrisimasi, ndipo thupi linali likutha. Tidapita kwa amai tonse pamodzi, mwamantha. Iwo sadanene kanthu. Adangomasula kiyi pa mfundo ya mpango wao natipatsa.

Matayala tidawapeza ataphwa. Makoswe anali atadya siponji yosefa mpweya namangamo chisa. Titatsegula thanki mudatuluka fungo lachilendo, longa la penti wakale. Apa ndi pamene tidalakwira koyamba: m'malo mokhuthula petulo wakaleyo, tidathira malita 2 atsopano pamwamba pake, poona kukwera mtengo kwa mafuta. Tidapondaponda kiki mosinthana mpaka thukuta kamukamu. Potsiriza idalira, koma kulira kwake kunali kwa munthu wachifuwa. Choki chikakhala chotseka inkalira mokuwa. Tikangochibweza, inkatsokomola kaŵiri nkuzima. Tikaonjezera moto inkaphulika kumbuyo ngati chimanga m'phale. Tidagula pulagi yatsopano, koma sizidasinthe. Tidaikankha pa mtsetse, ndipo amene tidatopa ndife.

Madzulo ake padali mau. Wamng'ono wathu adati injini idafa kale, ndi bwino tigulitse kwa ogula zitsulo. Wina adafunsa kuti nanga zaka zonsezi amene amayenera kuiyang'ana anali yani. Amalume, amene adabwera kudzaonerera, adanong'ona kuti kapena mwiniwake sakufuna kuti ikweredwe. Maganizo otereŵa ife akhristu timati sitiwakhulupirira, komabe usiku umenewo palibe amene adawatsutsa mokweza. Amai anali pakhonde, kolona ili m'manja.

Kutacha tidatuma mwana kukaitana mkulu wina wokonza njinga pa msika, mnzao wa malemu, amene kale ankaimba nao limodzi m'kwaya. Adafika pa njinga yakapalasa, masipanala atatu atawakulunga m'kansanza. Kiki sadaiponde n'komwe. Adanunkhiza m'thanki, napukusa mutu, nagwada cha kumanzere pamene pali kampopi ka petulo. Adasolola paipi yopita ku kabuleta, natchera botolo, natembenuza kampopiko. Mudagwa madontho atatu kapena anai, basi.

"Ana inu," adatero mkuluyo, "injini ilibe mlandu. Mukuimenya ili ndi njala."

Kampopi kameneka ambiri timangokatembenuza osadziŵa za m'kati mwake. Kali ndi malo atatu, olembedwa ON, OFF ndi RES. M'kati mwa thanki muli njira ziŵiri zotulukira petulo, ina pa kamwa la kapaipi katali, ina pansi penipeni. Pa ON petulo amadzera ku kapaipi katali. Akatsika kupitirira kamwa lake njinga imayamba kutsamwa, ndipo wokwera amatembenuzira ku RES kuti otsala a pansi amufikitse pogulitsira mafuta. Koma pansi pa thanki ndi pamenenso pamasonkhana zonse zolemera kuposa petulo. Mkuluyo atatembenuzira ku RES, m'botolo mudatsikira madzi ofiirira ndi timibulu ta dzimbiri, ndipo petulo adangoyandama pamwamba pake.

Tidafunsa kuti madzi adaloŵa bwanji, popeza denga la kanyumbako silidontha. Adatifotokozera kuti thanki yosadzaza imapuma. Masana kukatentha mpweya umatuluka, usiku umaloŵa wachinyezi, ndipo mame amagwira chitsulo m'kati monga amachitira ku malata m'mamaŵa. Komanso petulo wa kuno ku Malaŵi amasakanizidwa ndi ethanol, kuyambira m'chaka cha 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa idayamba kumutcheza kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Kwa njinga yoyenda masiku onse zimenezi sizivuta, koma ethanol amakoka chinyezi, ndipo akakhuta madzi amalekana ndi petulo nkukakhala pansi. Ife tidasiya thanki ili pakati, ndiye kuti dzimbiri tidalisiyira malo ndi chakudya chomwe.

Atamasula kampopiko, kakapu ka pansi pake kanali kodzaza matope, kasefa kanali katatsekeka, ndipo kalabala ka ziboo kamene kamakhala m'kati kanali katauma ndi kupindika. Zitsulo adatsuka ndi palafini ndi mswachi wakale. Kalabala tidakagula kena. Thanki tidaichotsa nkupita nayo pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi moto wa kukhitchini, ndipo amalume adauzidwa mwaulemu kuti fodya akasutire kumseu. Tidaponyamo manati 20, nkuthiramo palafini, nkumaikhutchumula mosinthana kuti dzimbiri likanganuke. Potulutsa manatiwo tidawaŵerenga, kuti lina lisatsalemo.

Kabuleta ndiye adatitengera tsiku lathunthu. Pansi pake pali kambale kosunga petulo pang'ono, ndi kachoyandama kamene kamakankha kasingano kotseka njira kambaleko kakadzaza. Petulo wa m'kambalemo anali atauma kale. Pajatu petulo ndi msanganizo wa zinthu zambiri: zopepuka, zimene zimagwira moto msanga, ndizo zimayamba kuuluka, ndipo chotsalacho chimasanduka utomoni womata ngati phula. Utomoniwo udagwira kasingano kaja, udatsekanso majeti, timisomali toboola pakati m'mene petulo amadzera popita ku injini. Majetiwo ndi aŵiri. Lalikulu limagwira ntchito njinga ikamathamanga; laling'ono ndilo limaidyetsa ikamalira chiimire kapena poyenda pang'onopang'ono, ndipo chiboo chake sichikwana theka la milimita. Limenelo linali litatsekeka kotheratu. Nchifukwa chake inkangolira ndi choki. Choki chimachepetsa mpweya kuti injini ikoke petulo wambiri, tsono inkapezako kachakudya mwa njira imeneyo. Tikachibweza inkatsala ndi mpweya wokhawokha.

Mmodzi wa ife adathamangira singano ya amai. Mkuluyo adamugwira dzanja.

"Iai, mwanawe. Chitsulo chimakulitsa chiboo, ndipo chikakula sichibwereranso. Njinga idzamwa mafuta ngati chidakwa, nkumadetsa pulagi masiku onse."

Adaliviika m'petulo watsopano, nalitokosa ndi kaubweya ka mswachi, nalipopa ndi pampu ya njinga yake. Kenaka adalilozetsa ku dzuŵa, koma maso ake anali atatopa. Adaitana kamdzukulu ka amai, ka zaka 7, kuti kasuzumire. Kadatsinzina diso limodzi, kadakhala chete, kenaka kadakuwa: "Agogo, ndikuona kadzuŵa!"

Titabwezera zonse, nkusintha oilo ndi siponji, njinga idalira pa kiki yachiŵiri, mofatsa ndi mosadukiza, monga tinkaimvera kale tikadali ana. Amai adatuluka m'nyumba, adaima pakhomo kanthaŵi, nabwereranso.

Komatu sizidathere pomwepo. Achimwene atapita kukaiyesa, idawazimira pa dambo atayenda makilomita 3. Adadikira pang'ono, idaliranso, idayenda kamtunda, nkuzimanso. Adafika kunyumba akukankha, nkhope ili yakugwa, ndipo mau a amalume aja adayamba kutibwerera. Mkulu uja adangoseka. "Pepani, ndakalamba, ndaiŵala chimodzi. Ikazimanso mutsegule chivundikiro cha thanki, mutchere khutu." Tidatero, ndipo tidamva mpweya ukuloŵa, fyuu! Chivundikirocho chili ndi kachiboo koloŵetsa mpweya m'malo mwa petulo amene akutsika. Kanali katatsekeka ndi dzimbiri ndi fumbi, choncho petulo ankaleka kuyenda, monga muja mkaka umakanira kutuluka m'chitini chimene mwaboola malo amodzi okha. Ntchito yake sidatenge mphindi zisanu.

Potsazika adatisiyira malangizo. Njinga ikati ikhale nthaŵi yaitali, mutseke kampopi injini ikulira mpaka izime yokha, ndipo otsala m'kambale muwakhuthule. Thanki mukhuthule kotheratu, kapena muidzaze ndithu. Koma choposa zonse, muziikwera, mpaka injini itenthe. Ndalama adakana, adangopempha kuti tikapereke Misa ya mnzaoyo.

Masiku amenewo tidayamba kukumbukira zizoloŵezi za bambo zimene tinkaziseka. Akafika pakhomo ankayamba aŵerama kutseka kampopi. Ngakhale m'miyezi imene adadwala, Loŵeruka lililonse ankatuma mmodzi wa ife kuti aiyendetse mpaka kuchigayo ndi kubwerako, kaya kuli mphale kaya kulibe. Tinkati ndi chikondi cha nkhalamba pa katundu wake. Fanizo la wantchito amene adakwirira pansi ndalama ya mbuye wake, la pa Mateyo mutu 25, timalimva pa Misa cha mu Novembala zaka zitatu zilizonse, ndipo nthaŵi zonse tinkaganiza kuti likunena alesi ndi amantha. Sitinkadziŵa kuti munthu angathenso kukwirira chinthu chifukwa cha chisoni, nkumayesa kuti ndi ulemu. Wantchito uja ndalama yake adaifukula ili yathunthu. Chitsulo, labala ndi petulo alibe chifundo chotero. M'kanyumba komwe kaja munali katoni ya mabuku a katekisimu ndi makope a maina a onse amene bambo adawaphunzitsa. Amenewo chiswe chidafika kale, ndipo wowakonza pa msika palibe.

Lachitatu la Sabata Loyera achimwene adanyamuka m'mamaŵa, kabokosi ka Ukaristia kali pachifuwa m'kati mwa jekete. Pobwera adatisimbira kuti azakhali adaimva njingayo ikadali pa dooko, nauza mdzukulu wao kuti awadzutse ndi kuwamanga mpango wa ku tchalitchi. Atalandira ndi kutsiriza mapemphero oyamika, adapempha kuti awasendeze pakhomo kuti aione. Adaiyang'ana nthaŵi yaitali, ili chiimire pa mthunzi wa nkhokwe.

"Iwe mwananga," adatero, "bambo ako akafika pano ankayamba atseka kenakake pansi pa thanki apo asanapereke moni. Iwe watseka?"

Achimwene anali asanatseke. Adatuluka, nakatseka.