Tsiku lomwe lilime langa linauma pamaso pa anthu

Ndagulitsa tomato ndi anyezi mu msika kwa zaka zoposa 20. Amene amandidziwa angakuuzeni kuti ndikayamba kuitanira malonda, mawu anga amakafika mpaka ku mabenchi a usipa. Kasitomala akati, "Mayi, mulu uwu mwadulitsa," ndimamuyankha mpaka iye kuseka, n'kugula milu iwiri. Koma ine yemweyu, tsiku lina ndinaimirira pa msonkhano ndipo pakamwa panga panatuluka liwu limodzi lokha: "Zikomo." Basi, ndinakhala pansi.

Munali mu Januwale 2023, nthawi ya mliri wa kolera uja unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ngalande ya kuseri kwa mabenchi athu inali itatsekeka, ndipo mvula ikagwa madzi onunkha ankadutsa pansi pa madengu. Makasitomala ankangodutsa atagwira mphuno. Tomato ankaolera pa benchi, mpamba n'kumatha tikuona. Akuluakulu oyang'anira msika ataitanitsa msonkhano, amayi a mzere wathu anasankha ine. Ati, "Asisi, inu pakamwa panu sipagona, mukatilankhulire."

Ndinavomera mosavuta. Kulankhula nanga si ndiye ntchito yanga?

Wapampando atanditchula, ndinaimirira. Atangondipatsa mkuzamawu, ndinaona maso okhaokha. Mtima unayamba kugunda ngati mtondo wa m'mawa, maondo akuwombana, manja thukuta lokhalokha. Malovu anauma. Zonse zomwe ndinkafuna kunena zinabalalika. Nditakhala pansi, bambo wina wa tayi analemba m'buku lake kuti a mzere wa ndiwo zamasamba alibe dandaulo, ndipo anapitirira ku nkhani ya msonkho.

Madzulo ake palibe anandinyoza. Bola akanandinyoza. Mayi wina wamasiye amene amagulitsa mpiru pafupi nane anangoti, "Chabwino asisi, zimachitika," kwinaku akutaya masamba ake ovunda. Usiku umenewo sindinagone.

Amene anayamba kundimasula ndi mwana wanga wamkazi, yemwe akuphunzira za unamwino. Ndinamuuza kuti mwina wina wandichita chipongwe, wandimanga lilime. Iye anaseka.

"Amayi, palibe wakulodzani. Thupi lanu linkaganiza kuti mwakumana ndi fisi."

Anandifotokozera kuti munthu akaona ngozi, tiziwalo tina tomwe tili pamwamba pa impso timatulutsa madzi otchedwa adirenalini. Madzi amenewa amathamangitsa mtima kuti magazi apite ku minofu, munthu athe kuthawa kapena kumenya nkhondo. Ntchito yogaya chakudya imayamba yaima kaye, n'chifukwa chake malovu amauma ndipo m'mimba mumabwadamuka. Vuto ndi lakuti thupi silisiyanitsa fisi ndi gulu la anthu okuyang'anitsitsa. Ndiye kunjenjemera kuja si umbuli, si kusaphunzira ayi. Kumagwira ngakhale aphunzitsi ndi abusa.

Koma ine ndinadzifunsanso kuti, bwanji thupi langa limaona fisi pa msonkhano pomwe pa benchi silimuona? Yankho ndinalipeza kwathu kumudzi. Ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi tinaleredwa ndi mawu akuti makoma ali ndi makutu. Kuonjezera apo, mwana wamkazi ankauzidwa kuti pa bwalo amalankhula ndi abambo, iwe khala chete, maso pansi. Pa 14 Juni 1993 anthu anavotera nyali, zipani zambiri zinabwera, ndipo gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa aliyense ufulu wolankhula zakukhosi. Pa pepala tinamasuka. Koma kukhosi kwanga kunali kukadali mfundo yomwe mayi anga anamanga pofuna kunditeteza, ndipo mfundo imeneyo palibe lamulo likanaimasula. Inafunika ine mwini.

Msonkhano wina unayenera kuchitika patatha milungu itatu. Amayi ena ankafuna kusankha munthu wina, koma ndinawapempha kuti andipatsenso mpata. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Zomwe ndinachita ndi izi, mwina zingathandize mnzanga wina.

Choyamba, ndinasiya kuganiza zokometsera. Tsiku loyamba lija ndinkafuna kumveka ngati wa pa wailesi, kuponyamo ndi Chizungu chomwe. Ulendo uno ndinang'amba katoni n'kulembapo mfundo zitatu zokha: ngalande yatsekeka pati, tataya katundu wochuluka bwanji, tikupempha chiyani. Ndinazungulira mzere wonse kufunsa aliyense madengu omwe anamuwolera, n'kuwonkhetsa. Izi ndi zinthu zomwe ndimazidziwa kuposa bambo wa tayi uja, ndipo munthu akamanena zomwe akuzidziwa sasochera msanga.

Chachiwiri, ndinayeserera mokweza mawu, osati mumtima. Ndinayamba m'bandakucha ndikusankha tomato, ndikulankhula ndekha ngati wamisala. Kenako ndinauza mayi wa mpiru uja. Kenako ndinaimirira pa gulu lathu la banki mkhonde, pomwe timakhala amayi 15 odziwana. Kumenekonso maondo anawombana, koma ndinamaliza, ndipo thupi linayamba kuzolowera kuti maso a anthu saluma. Mantha amenewa amakula ukamawathawa, amachepa ukamawayandikira pang'onopang'ono.

Chachitatu, ndinaloweza chiganizo choyamba mpaka kuchinena ndili m'tulo. Poyambira ndiye poterera. Ndipo ndinadziletsa kuyamba ndi mawu aja timakonda akuti, "Pepani, ine sindidziwa kulankhula." Kodi alipo amayamba malonda ndi kunena kuti tomato wanga ndi wovunda?

Chachinayi ndi chomwe mwana wanga anandiphunzitsa. Usanaimirire, koka mpweya m'mphuno mofatsa mpaka mimba itukuke, kenako utulutse pang'onopang'ono, nthawi yotalikirapo kuposa pokoka. Kutulutsa mpweya motero kumachepetsa liwiro la mtima. Uchite kangapo, umwenso madzi pang'ono kuti kukhosi kunyowe.

Tsiku litafika, mantha anabweranso. Musamve zonama, sanathawe. Wapampando akunditchula, mtima unali pa mtondo uja. Ndinapuma monga ndinaphunzirira, ndinaponda pansi ndi mapazi onse awiri, ndipo m'malo moyang'ana gulu lonse ndinasankha nkhope imodzi: gogo wina wogulitsa nyemba amene ankandigwedezera mutu. Ndinalankhula naye iyeyo ngati kasitomala. Nditamaliza mfundo yoyamba ndinasunthira maso kwa wina.

Mawu anga ananjenjemera. Pakati penipeni ndinaiwala chiwerengero cha madengu, ndinaima, ndinayang'ana pa katoni. Kwa ine kanthawi kameneko kanali ngati chaka, koma anzanga anandiuza pambuyo pake kuti sanaone chachilendo. Ndipamene ndinadziwa kuti zambiri zomwe zimachitika m'kati mwako, omvera saziona. Iwo amakhala akuganiza za ngalande, osati za maondo ako.

Zonse zinatenga mphindi zosakwana zitatu. Bambo wa tayi anafunsa kuti ngalandeyo ili pati, ndipo msonkhano utatha tinapita naye kukamuonetsa. Sabata yotsatira inatsegulidwa, ife tomwe tikuthandiza ndi makasu ndi mafosholo. Sindikunena kuti mavuto a msika anatha. Koma dandaulo lathu linalembedwa m'buku.

Abale anzanga a mu msika, nkhani za msonkho, za malo ogulitsira, za zimbudzi ndi za moto zimagamulidwa m'misonkhano, ndipo wokhala chete amalembedwa kuti wakhutira. Ife timalankhula ndi anthu ambirimbiri tsiku lililonse, ena ovuta kuposa akuluakulu aja. Luso tili nalo kale. Chimene chimatisowa ndi kukonzekera komanso kulolera kuimirira maondo akuwombana.

Mwezi watha panali msonkhano wina. Amene anaimirira ndi mayi wa mpiru uja, kakatoni kali m'manja, kakunjenjemera. Ine ndinakhala kutsogolo, ndikumugwedezera mutu.