Madzi akatayika sawoleka

Makampani a ndalama za pa intaneti akamafuna katswiri wodziwa mbali zonse za webusaiti, ya kumaso ndi ya kuseri, amakonda kumuyesa liwiro: amange tsamba ndi React, alilumikize ku Node.js nthawi isanathe. Ine, womasulira mabuku, mayeso otere sandigwira mtima. Luso lenileni limaonekera powerenga zimene analemba wina n'kupeza pobowoka. Mu 2016, kampata kamodzi m'pulogalamu ya The DAO kanapereka mwayi kwa wakuba kukokolola ether pafupifupi 3.6 miliyoni. Panalibe banki yokadandaulirako. Pofuna kubweza ndalamazo, Ethereum inang'ambika pawiri. Choncho wofunsira ntchito mpatseni pulogalamu yolakwika aiwerenge. Akayamba ndi funso lakuti, "Wakuba angalowere pati?", ameneyo mlembeni.