Nyumba ya Matayala ndi Mbalame za ku Aransas

Kwathu munthu akapuma pantchito, funso loyamba limene anthu amafunsa ndi lakuti wamanga kuti. Ngati wamanga kumudzi, wakhoma malata, wagula mbuzi zingapo, onse amati anagwira ntchito mwanzeru. Kuyambira pamenepo maulendo ake amakhala a kumunda, kutchalitchi, kuchipatala ndi kumaliro. Ku America, kumene ife anayi tinapita kukaphunzira, tinapeza okalamba ena ochita zosiyana. Akapuma pantchito amatseka nyumba, ena kuigulitsa kumene, n'kugula chigalimoto chokhala ndi bedi, khitchini ndi bafa m'kati mwake. Galimoto zoterezi amazitcha RV, ndipo mwini wake amagona paliponse pamene waima.

Nyengo yachisanu ikayamba kumpoto, m'madera monga Minnesota, Iowa ndi Michigan komanso ku Canada, galimoto zimenezi zimatsetsereka kulowera kummwera kothawa chipale. Zambiri zimakaima m'mbali mwa nyanja ku Texas, ndipo eni dera anawapatsa okalambawa dzina lakuti Winter Texans, kutanthauza anthu okhala ku Texas m'nyengo yozizira yokha. Amafika cha mu Novembala, n'kubwerera kwawo cha mu Malichi kapena Epulo.

Ife tinalowa m'moyo umenewu chifukwa cha banja lina lokalamba limene linatiitana patchuthi cha mu Disembala, pamene ophunzira anzathu onse anali atapita kwawo ndipo malo ogona kusukulu anali zii. Bambowo anagwira ntchito yokonza mabasi a ana asukulu kwa zaka zambiri, mayiwo anali namwino. Onse anali atapitirira zaka 70, choncho sitinavutike kupeza dzina lowaitanira. Tinkangoti agogo, ndipo atamva tanthauzo lake analikonda. Anali ataimika RV yawo pafupi ndi tauni ya Rockport, ndipo ife tinakhoma matenti awiri pambali pake.

Munthu ukaiona panja nyumba ya matayala imeneyi umaganiza kuti ndi moyo wa mabwana. Ukakhalamo masiku atatu umaona kuti ndi moyo wowerengera chilichonse. Pamalo oimikapo amalipira pamwezi, n'kulumikiza nthambo ya magetsi, paipi ya madzi akumwa ndi paipi ina yotulutsira zonyansa. Pansi pa galimoto pali matanki atatu: la madzi abwino, la madzi otsukira ndi osamba, ndi la kuchimbudzi. Agogo aamuna ankatsegula la kuchimbudzi poyamba, kenako la madzi osamba kuti atsuke paipi, ndipo ntchitoyi ankaigwira atavala magulovu, osaisiyira munthu wina. M'khitchini mbale zinalipo zochepa, mapoto awiri. Agogo aakazi anatiuza kuti posamuka m'nyumba imene anakhalamo zaka 40 anagawa katundu wa zipinda zinayi, ndipo chimene chinawapweteka kwambiri ndi kusiya makina awo osokera.

Ndalama zimene amayendera ndi za penshoni ya boma yotchedwa Social Security, kuphatikizapo zimene anasunga okha. Kumeneko munthu atha kuyamba kulandira penshoniyi ali ndi zaka 62, koma imakhala yochepa. Kwa obadwa kuyambira 1960 kupita m'tsogolo, yathunthu imayamba pa zaka 67. Thandizo la boma la kuchipatala kwa okalamba, lotchedwa Medicare, limayamba pa zaka 65. Agogo aamuna anali ndi kabuku kolembamo za mafuta, gasi wophikira ndi mankhwala, ndipo ndalama ya ulendo wa pabwato anali ataipatula kale mwezi wathunthu tisanafike, ya iwo awiri ndi ya ife anayi.

Bwato linanyamuka m'mawa pa doko la Fulton. Kunkawomba kamphepo kolowa m'mafupa, ndipo ife a ku Malawi tinali titavala majuzi awiriawiri. Mwa anthu onse amene anakwera, a tsitsi lakuda tinali ife ndi woyendetsa. Ena anakwera ndi ndodo, mayi wina anachita kunyamulidwa pamasitepe, koma aliyense anali ndi choonera patali pakhosi. Titangotuluka padoko, ma dolphin anayamba kutumphuka pambali pa bwato. Mavuwo ankauluka motsatana pamwamba penipeni pa madzi. Tinapatukira chombo chachitali chonyamula katundu chimene chinkakankhidwa mumngalande wa zombo wodutsa m'mbali mwa malo otetezedwawo. Okalamba aja ankangoyang'ana zonsezi mwachidule. Chimene anadzera chinali m'tsogolo.

Malo amenewa ndi Aransas National Wildlife Refuge, amene anakhazikitsidwa mu 1937. Ndi kumene kumakhala, m'nyengo yozizira, mbalame yotchedwa whooping crane. Poyera imafanana ndi kakowa wathu, koma kutalika kwake kumafika mita imodzi ndi theka, moti ku North America kulibe mbalame ina yoiposa msinkhu. Pamutu ndi yofiira, nsonga za mapiko ndi zakuda. Pofika mu 1941, chifukwa cha alenje ndiponso kuumitsidwa kwa madambo kuti akhale minda, mbalame zofika ku Aransas zinali zosakwana 20. Kwa zaka zambiri panalibe amene ankadziwa kumene zimakaikira mazira, mpaka mu 1954 pamene zinapezeka ku Wood Buffalo National Park, kumpoto kwa Canada. Kuchokera kumeneko kufika ku Texas ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 4,000, ndipo zimauluka ulendo umenewu kawiri pachaka. Lero gulu limeneli lapitirira 500. Kuchuluka kwake n'kwapang'onopang'ono chifukwa nthawi zambiri zimaikira mazira awiri koma mwana amene amakula ndi mmodzi.

Woyendetsa anachepetsa injini, bwato n'kumayandama m'mbali mwa dambo la madzi amchere. Tinadikira nthawi yaitali ndithu osaona kanthu koma udzu. Mnzathu wina ananong'ona kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo posakhalitsa zinatulukira zitatu: ziwiri zoyera mbee, ndi imodzi yamawangamawanga ofiirira, mwana wa chaka chomwecho. Zinkayenda mosathamanga, kupisa milomo m'matope kufuna nkhanu za buluu, zimene ndi chakudya chawo chachikulu kumeneko. Yaikulu ina itagwira nkhanu inaiphwanya n'kuisiyira mwana. Kenako ziwiri zija zinatukula mitu n'kulira pamodzi. Kulira kwake kumamveka kutali kwambiri, chifukwa kholingo lake ndi lalitali ndipo linapindikapindika m'kati mwa fupa la pachifuwa ngati lipenga.

Pamenepo ndi pamene tinaona chinthu chimene sitinachidziwe masiku onse aja. Agogo aamuna sanakweze choonera patali chawo. Anangopendeketsa mutu, ndipo agogo aakazi ankawanong'oneza zonse: yaima kumanzere, yatsitsa mutu, mwana akutsatira. Diso limodzi la agogowo linali litafa kale, linalo linali kuchita chifunga pakati. Madzulo ake anatiuza okha mosabisa kuti chiwongolero anasiyira mkazi wawo chaka chathachi, ndipo mayi wa zaka zoposa 70 ndiye anayendetsa chigalimoto chija masiku anayi kuchokera kumpoto. Manja awo ayamba kuvuta ndi nyamakazi. Onse awiri ankadziwa kuti mwina dzinja limenelo linali lomaliza kufika ku Rockport, ndipo sanafune kulithera pampando poyang'ana wailesi yakanema.

Usiku umenewo m'tenti munabuka mkangano pakati pathu. Mmodzi wa ife, wochokera ku Mzimba, anati zimene tinaona n'zokongola koma n'zomvetsa chisoni. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, nanga mudzi ukhala bwanji ngati dambolo lakwera galimoto n'kupita kukaona mbalame? Adzukulu adzalangizidwa ndi yani? Maliro akagwa adzakhala pamphasa ndani? Wina wa ife, wa ku Mangochi, anayankha kuti mayi ake anaphunzitsa ku pulayimale zaka zoposa 30, akhala moyo wawo wonse kufupi ndi nyanja, koma sanakwerepo bwato chifukwa chongofuna kuona. Anapuma pantchito Lachisanu, Lolemba n'kuyamba kulera adzukulu atatu. Palibe amene anawafunsapo chimene iwo akanakonda. Tinatsutsana mpaka tochi inazilala, osagwirizana.

M'mawa tinawafunsa agogo aakazi ngati sawasowa adzukulu awo. Anaseka pang'ono, kenako anati ana awo atatu amakhala m'madera atatu otalikirana, ndipo akanakhala kunyumba bwenzi akuwaona kamodzi pachaka. Ndi RV amakaima pakhomo pa mwana aliyense milungu ingapo m'chilimwe, osamulanda chipinda. Koma sanakometse zinthu. Anati kwawo okalamba ambiri amadya okha, ndipo ena amamwalira m'nyumba anthu oyandikana nawo osadziwa. Titawafotokozera za kwathu, kuti agogo sagona ndi njala mwana wa mlongo wawo ali pafupi, anakhala chete kanthawi n'kunena kuti zimenezo sizigulidwa ndi penshoni, tizisunge.

Tinaonanso kuti pamalo oimika ma RV paja okalambawo anapanga mudzi wawo. Lachitatu lililonse aliyense ankabwera ndi mbale ya chakudya n'kudyera pamodzi. Wina akadwala, mnzake ankamuperekeza kuchipatala. Agogo aamuna, ndi maso awo ovutawo, ankamvetsera injini za anzawo n'kuwauza chimene chavuta. Mphepo yamkuntho yotchedwa Harvey itagwetsa nyumba zambiri ku Rockport mu Ogasiti 2017, banja lathuli linabwerabe dzinja lotsatira, ndipo linathera milungu yambiri likuthandiza kuchotsa zinyalala ndi kupenta nyumba za anthu. Anatitengera ku Goose Island State Park kukaona mtengo wakale wotchedwa Big Tree, umene akuti wakhala zaka zoposa 1,000 ndipo mkuntho uja unausiya uli chiimire. Agogo aamuna sanathe kuona nthambi zake bwinobwino, choncho anatipempha kuti tiwauze kumene zaloza, ife n'kumasinthana kufotokoza.

Mkangano wathu wa m'tenti sunathe ndi wopambana, ndipo mpaka lero timaubwereza. Wa ku Mzimba uja akunenabe kuti sangalole bambo ake kukalambira pamsewu, ndipo tonse tikuvomereza. Ndi makolo angati kwathu amene angagule galimoto yotere, ngakhale akanaifuna? Ambiri penshoni yawo imathera pa feteleza ndi fizi ya adzukulu, ndipo ochuluka zedi, amene ntchito yawo inali khasu, alibe penshoni n'komwe. Koma pa chinthu chimodzi tinagwirizana: kufuna kuona zokongola sikutha munthu akamera imvi. Makolo athu anangozolowera kusakutchula, chifukwa nthawi zonse pamakhala china chofunika msanga, ndipo kawirikawiri chinacho timakhala ife. Mbuzi zimene zikanawafikitsa kunyanja ndi zomwe zinagulitsidwa kuti tilipire mayeso.

Chonsecho zoti aone zili pakhomo. Lake Malawi National Park, ku Cape Maclear, inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Alendo amawoloka nyanja zamchere kudzaona mbuna zamitundumitundu m'miyala ya pachilumba cha Thumbi, ndi nkhwazi ikutsika kudzatola nsomba pamadzi. Ku Liwonde bwato limayenda mumtsinje wa Shire pakati pa mvuu ndi ng'ona, njovu zikumwa madzi m'mphepete. Nkhwazi yomweyo ili pachizindikiro cha dziko lathu, koma agogo angati a ku Ntcheu kapena ku Thyolo anaimvapo ikulira? Ulendo wotere sufuna nyumba ya matayala. Ufuna minibasi, malo ogona usiku umodzi, kamba wa panjira ndi mwana woti aperekeze.

Chimene chimatithamangitsa ndi chimene tinaona pabwato paja. Maso amachita chifunga, maondo amakana masitepe, ndipo zimenezi sizidikira kuti mwana amalize digiri, apeze ntchito, amange kaye yake nyumba. Ambiri a ife timalonjeza mumtima kuti tikadzalemera tidzawasangalatsa makolo. Nthawi zambiri ndalamazo zimadzapezeka pogula bokosi lokongola.

Choncho titabwerera kusukulu tinayamba kachipereganyu ka anthu anayi. Pa kandalama kamene timapeza potsuka mbale m'kafiteriya ndi kusesa m'laibulale, aliyense amaponya pang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo kakakwana kamapita kwa kholo la mmodzi wa ife, ndi lamulo lakuti si ka feteleza ndipo si ka fizi. Maere anagwera mayi aja a ku Mangochi. Mwana wawo atawaimbira foni, anayankha monga mmene tonse tinkayembekezera: "Ine ndikaonenji kunyanja, mwanawe? Madziwo sindiwadziwa? Bwanji ndalamayo tigulire malata a kukhitchini?" Iye anaumirira mwaulemu kuti ya malata idzabwera payokha. Anadula foni asanavomere.

Patapita masiku awiri anaimba okha. Ankafuna kudziwa ngati m'bwatomo amapereka zovala zoyandamitsa munthu, komanso ngati angatenge mnzawo amene ankaphunzitsa naye Sitandade 3, poti nayenso sanapiteko.